Nyengo ya Chisanu ku Malingunde: Mawu Ake ndi Makhalidwe Ake

Mwezi wa Juni ukafika, aphunzitsi ambiri a m'midzi ya ku Malingunde, ku Mitundu ndi ku Nathenje ayamba kudandaula. Ati anthu alowa ulesi: dzuwa lituluka iwo akali m'nyumba, ana afika ku sukulu mochedwa manja ali m'khwapa, ndipo dzuwa likangopendeka aliyense athamangira kumoto. Ife tifuna kuonetsa m'nkhani ino kuti kufatsa kwa mudzi pa nyengo ya chisanu si ulesi ayi. Ntchito siitha, koma isamuka. Ichoka kumunda nibwera pakhomo. Ndipo m'miyezi iwiri kapena itatu imeneyi ndimo mwana aphunzira kwa makolo ake zinthu zimene sapeza mpata wa kuziphunzira pa nyengo ina ya chaka. Mphunzitsi kapena katekisi wosazindikira ichi alimbana ndi mudzi pachabe, ndipo kapena aononga chimene anayenera kuchisunga. Tiyambe ndi mawu ake a nyengoyi, pambuyo pake tione makhalidwe.

1. MAINA A NYENGO

Achewa agawa chaka poyang'ana mvula ndi munda. Dzinja ndiyo nyengo ya mvula, kuyambira kumapeto kwa Novembala kufikira Malichi. Masika ndiyo nyengo ya zakudya zatsopano ndi ya kukolola, m'Epulo ndi m'Meyi. Chisanu chigwira Juni ndi Julayi, nichitha m'kati mwa Ogasiti. Chilimwe, kapena malimwe, ndiyo nyengo ya dzuwa loswa mtengo, kufikira mvula yoyamba. Alipo akulu ena amene atcha miyezi yonse yopanda mvula chilimwe, nayesa chisanu chiyambi chake chabe, amenewo sitiwatsutsa.

Koma pali cholakwa chimodzi chimene tichipeza kawirikawiri m'makope a ana ndi pakamwa pa omasulira, ndicho kutcha nyengo yozizira ya ku Ulaya dzinja. Chidalowa chifukwa ku England kuzizira kugwa m'Disembala, Januwale ndi Febuluwale, miyezi yomweyo ya dzinja lathu. Miyezi ifanana, koma makhalidwe ake asiyana kutali. Dzinja lathu ndi lofunda ndi lachinyontho. Ndiyo nyengo ya kupalira ndi kubandira, pamene munthu alawirira kumunda mbandakucha, ndipo nkhokwe zambiri zili pafupi kutha. Chisanu chathu ndi nyengo ya nkhokwe yodzaza. Tsono pomasulira nkhani ya anthu ootha moto chifukwa cha kuzizira, tinene nyengo ya chisanu, si dzinja ayi.

Ana asokonezanso chisanu cha kuzizira ndi -sanu wa kuwerenga. Mwezi wachisanu ndiwo Meyi, wotsatana ndi wachinayi. Koma mwezi wa chisanu ndiwo Juni kapena Julayi. Polemba tiphatikize poyambapo, tilekanitse pachiwiripo. Momwemonso Lachisanu ndilo tsiku lachisanu kuwerengera pa Lolemba, ndipo lilibe kanthu ndi kuzizira.

Mawu onena za kuzizira ali ndi malo ake. Madzi azizira, kunja kuzizira, koma munthu azizidwa, kapena amva mphepo; ndipo akazizidwa kufikira zala kuuma, tinena kuti wakongwa. Munthu aotha moto, koma aothera dzuwa. Tikati kwazizira zii, mwana ali njenjenje, khungu latuwa mbuu, wakumva aona chinthucho ndi maso. Mphepo ya nyengoyi ndi mwera, ndipo dzina lake ndi lomwelo la mbali ya dziko kumene ichokera, kumwera. Monganso mpoto ndi kumpoto, vuma ndi kuvuma, zambwe ndi kuzambwe.

2. CHIFUKWA CHA KUZIZIRA

Ana afunsa kuti, Nanga kuzizira kuchokera kuti, popeza dzuwa liwala tsiku lonse? Mphunzitsi akhale nalo yankho. Zifukwa zake ndi zitatu.

Choyamba, dziko lapansi lizungulira dzuwa lili chopendekeka madigiri 23 ndi theka. M'Juni mbali ya kumpoto ndiyo iweramira kudzuwa, ndipo ife okhala madigiri 14 kumwera kwa mzere wapakati wa dziko tilandira kuwala kwake cham'mbali. Zikani ndodo pabwalo la sukulu, ndipo ana adzaona okha kuti masana mthunzi wake ugwa kumwera, ndi kuti ndi wautali koposa wa m'Disembala. Usana waufupi koposa ugwa pafupi ndi pa 21 Juni, ndipo ungopitirira pang'ono maola 11, pamene m'Disembala ufika pafupi maola 13.

Chachiwiri, chidikha cha Lilongwe chili pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mapiri a Dzalanyama akwera kuposa pamenepo. Munthu akamka nakwera, mpweya umka nuzizira.

Chachitatu, mitambo ili ngati chofunda cha dziko. Usiku wopanda mitambo kufunda kwa nthaka kuthawira kumwamba, kotero kuti m'Julayi kuzizira kwa mbandakucha kutsika kawirikawiri pansi pa madigiri 10. Mpweya wozizira ndi wolemera, nutsikira kumadambo monga achita madzi. Chifukwa chake m'mawa nkhungu igona pa mtsinje wa Lilongwe ndi pa madamu awiri a Kamuzu, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989; chifukwa chakenso zaka zina chisanu chiwamba nyemba ndi matimati m'madimba a kunsi, a pamtunda napulumuka.

3. MOTO NDI MADZULO

Usiku wautali ndi nkhokwe yodzaza ndizo zidabala mwambo wa pamoto. M'dzinja munthu abwera kumunda ali wolema, nadya, nagona. M'chisanu banja lisonkhana dzuwa litangolowa, ndipo manja sakhala chabe: ena atonola chimanga, ena aswa mtedza, mbatata ili kupsa m'phulusa. Pamenepo agogo ayamba kuti, Padangokhala. Ana navomera kuti, Tili tonse. Nthano zikatha abwera ndi zilape. Makolo adaletsa kuimba nthano masana, ndipo nzeru yake ioneka: masana ndi a ntchito. Tsono mwana amene sakhala pamoto madzulo a chisanu sadzazimva konse. M'nthanomo ndimo alandira miyambi, maina a nyama ndi a mitengo, ndi kanenedwe koyenera pamaso pa akulu. Anyamata apitiriza macheza ku mphala, atsikana kwa agogo aakazi ku kuka.

Ino ndiyonso nyengo ya maukwati, ya kumanga ziliza, ya chinamwali ndi ya magule, pakuti chakudya cha alendo chilipo, ndipo njira zauma. Sitinena kuti khasu lapachikidwa kotheratu ayi. Wa dimba athirira mpiru, kabichi ndi matimati, napita nazo ku msika wa ku Mitundu kapena wa ku Nathenje; wa fodya asankha masamba ake nadinda mabelo. Koma ntchito izi sizithamangitsa munthu monga lichita thengo la m'Januwale, limene ukalisiya sabata limodzi ladya chimanga.

Moto womwewo uli ndi zoopsa zake, zimene mphunzitsi ayenera kuzinena chaka ndi chaka. Ana okwawa agwera pamoto akulu ali m'tulo. Wodwala khunyu asakhale yekha pafupi ndi moto. Choopsa koposa ndicho mbaula ya makala m'nyumba yotseka: makala atulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene uyamba ndi kupweteka kwa mutu ndi chizungulire, nupha munthu ali m'tulo. Mbaula ituluke panja anthu asanagone. Ndipo mwana wa chifuwa akayamba kupuma mofulumira, nthiti zilikulowa m'kati, chimenecho chingakhale chibayo; apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

4. ZIWETO ZA PAKHOMO

Mawu akuti chiweto achokera ku mneni kuweta, ndipo agwira nyama zonse zokhala m'manja mwa munthu, ng'ombe ndi galu yemwe. Chichewa chilibe dzina lapadera la nyama yosungidwa chifukwa cha kuikonda kokha, pakuti pamudzi chiweto chilichonse chili ndi ntchito yake. Koma amene anaona mwana akugawana mbatata ndi galu wake sanganene kuti chikondi palibe.

Pano pali phunziro la magulu a maina. Tinena mphaka wanga, amphaka anga. Koma mphasa yanga, mphasa zanga, ngakhale maina onse awiri ayamba ndi mph-. Galu ndi mphaka atsata gulu la munthu: galu wagona, agalu agona. Nkhuku, mbuzi, nkhunda ndi mbira zitsata gulu lina: nkhuku yagona, nkhuku zagona. Musaphunzitse kuti galu adalowa gulu la munthu chifukwa cha kukhala pakhomo, pakuti fisi ndi nyalugwe ali m'gulu lomwelo. Onaninso kuti dzina la galu nthawi zina ndi chiganizo chathunthu, monga Iwalani kapena Musandinene. Mwini wake poitana galu alankhula kwa mnansi amene sangathe kumdzudzula maso ndi maso.

Makolo adali ndi nthano yofotokoza chiyambi cha ziweto, ndipo malo ake ndi a kwathu konkuno. Adati anthu oyamba ndi nyama zonse adatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, nakhala pamodzi mwamtendere, kufikira tsiku limene munthu adapeka moto natentha tchire. Nyama zambiri zidathawa zili ndi mkwiyo, koma galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu. Amene aona galu atadzipinda pa phulusa lofunda m'mawa wa Julayi azindikira kumene nthanoyi idatenga chithunzi chake.

M'chisanu ziweto ziyandikira nyumba, ndipo ndiyo nthawi yabwino yophunzitsa ana kuzisamala. Mphaka alonda nkhokwe, pakuti chimanga chikachoka kumunda makoswe achitsata. Galu aperekeza anyamata kokumba mbewa. Mbira zikhala m'khitchini mofunda, nizidya udzu ndi kholowa. Mbuzi ndi ng'ombe zimasulidwa kukadya mapesi m'minda yokolola, ndipo apa ndipo pabuka milandu ya madimba opanda mpanda. Anapiye afa msanga ndi mphepo. Khola lao litsekedwe mbali ya kumwera.

Matenda awiri tiwatchule. Chitopa chitha nkhuku za mudzi wonse m'masiku owerengeka, makamaka m'miyezi yopanda mvula. Mankhwala ochiza palibe, koma katemera alipo, wotchedwa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi inayi iliyonse. Chiwewe chifika kwa munthu kudzera mwa galu, ndipo zizindikiro zake zikaoneka munthu sachira. Galu abayidwe katemera chaka ndi chaka. Mwana akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, ndipo mupite naye kuchipatala osadikira mawa.

5. NTCHITO ZA MANJA NDI ANENI AKE

Ana a masiku ano akonda mneni mmodzi, kupanga: kupanga mphasa, kupanga mtondo, kupanga mbiya. Uku ndi kusaukitsa chinenero, pakuti ntchito iliyonse ili ndi mneni wake, ndipo mneniyo anena m'mene manja ayendera.

Tiluka lichero, dengu, mkeka ndi nkhokwe, pakuti tipingasa timizere tina pamwamba tina pansi. Tisoka mphasa, pakuti bango long'amba libooledwa ndi singano yaitali, chingwe nichipita m'kati. Tisema mtondo, munsi, mpini, mthiko ndi chipande, pakuti tichotsa mtengo ndi nkhwangwa ndi kasemasema kufikira chinthucho chitsala. Tiumba mbiya, mtsuko, nkhali ndi njerwa. Tipota chingwe cha khonje kapena cha luzi pa ntchafu. Tisula mpeni ndi khasu pa chipala. Timweta udzu, tifolera denga, tizira pansi ndi nkhulungo. Mneni kuomba nsalu watsala m'kamwa mwa okalamba okha, monganso ng'anjo yosungunulira chitsulo ndi chiwondo cha makungwa a mombo, pakuti nsalu ndi makasu a m'sitolo zidazipitikitsa. Ntchito ikafa, mawu ake atsatira.

Nanga chifukwa ninji ntchito izi zigwa m'chisanu? Si chifukwa cha mpata wokha ayi. Zipangizo zomwe zikhwima pa nyengo yomweyi. Bango la m'mbali mwa Lilongwe ndi Diamphwe lakhwima, ndipo madzi aphwera kuti munthu alifikire. Udzu wofolera wauma, ndipo uyenera kumwetedwa ndi zenga moto wa tchire usanadutse. Wochedwa apeza lupsa, nyumba yake nidontha dzinja lonse. Mbiya ifuna kuuma pang'onopang'ono pamthunzi isanaotchedwe: m'dzinja siuma ndipo nkhuni ndi zonyowa, m'Okutobala iuma mothamanga ning'aluka. Njerwa nazo zifuna masabata opanda mvula. Tsono chaka chidakonzeka chokha kuti pamene munda umasula munthu, dambo ndi thengo zimpatsa zogwirira ntchito.

Taonani woluka lichero. Adula nsungwi yokhwima, naing'amba, naing'ambanso, napala kamzere kalikonse ndi mpeni kufikira kafewa kofanana ndi kanzake. Aluka chibenthu chafulati pansi, nachinyowetsa, nachikanikizira m'kati mwa mkombero, nasoka m'mphepete. Kamzere kamodzi kakakhala kokhuthala, lichero lipotoka, ndipo mayi wopeta adzamnena mmisiriyo chaka chonse. Mnyamata wokhala pambali pake ayamba ndi kupala chabe, chisanu chimodzi kapena ziwiri, asanaloledwe kuluka. Palibe amuuza malamulo. Ayang'ana, nayesa, nalakwa, namasula. Akulu adati, Kuona maso a nkhono n'kudekha. Momwemonso mtsikana aphunzira kwa amake kusinja dongo, kulisakaniza ndi mapale opera, ndi kukweza khoma la mphika ndi zala. Ndipo ntchito yobwera ndi amishoni, ya kuluka majuzi ndi zipewa za ana ndi ulusi, idalowa bwino m'nyengo yomweyi, nitenga mneni wakale uja, kuluka.

Ntchito zina sizitheka ndi munthu mmodzi. Denga la nkhokwe limangidwa pansi, ndipo polikweza aitana anansi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mwana woona ichi safuna wina womtanthauzira mwambiwo.

6. CHIMENE CHILI KUTAYIKA

Ntchito izi zili kuchepa, ndipo zifukwa zake tizidziwa. Mabeseni ndi zigubu za pulasitiki zalowa m'malo mwa dengu ndi mtsuko. Mabanja ambiri asunga chimanga m'matumba m'nyumba poopa akuba ndi anankafumbwe, kotero kuti oluka nkhokwe asowa owaitana. Nkhalango ya Dzalanyama, imene idaikidwa m'manja mwa boma m'chaka cha 1922, ya mahekitala oposa 98,000, yadulidwa kwambiri ndi ootcha makala, kufikira kuti m'chaka cha 2015 boma lidatumizako asilikali kukailonda. Mitengo ya mitondo ndi nsungwi za malichero zimka nizitalikira. Ndipo sukulu nayo itenga mwana masana onse a Juni ndi Julayi, nimpatsanso ntchito ya madzulo.

Sitinena kuti beseni ndi loipa, kapena kuti mwana asiye buku. Koma beseni silipeta. Ndipo banja lodziwa kusoka mphasa ndi kusema mpini silitaya ndalama pa zimenezo, koma ligulitsako zina kumsika pa nthawi imene ndalama za feteleza zifunika. Funso la sukulu ndi ntchito za manja si la lero ayi. Mishoni ya ku Malingunde idayamba m'chaka cha 1907. M'chaka cha 1924 nthumwi za Phelps-Stokes zidayendera sukulu za dziko lino, nizilimbikitsa kuti maphunziro agwirizane ndi moyo wa m'mudzi. Ndipo m'chaka cha 1929 sukulu ya Jeanes idatsegulidwa ku Domasi, kumene aphunzitsi ndi akazi ao adaphunzira za ukhondo, za ulimi ndi za ntchito za manja. Ena adadandaula, ndipo sadalakwe, kuti maphunziro otere angatsekereze mwana wa Mwafrika kuti asapite patsogolo. Lero palibe afuna kuchotsa masamu kuti aikepo dengu. Tifuna mwana akhale nazo zonse ziwiri.

7. MAWU KWA APHUNZITSI NDI AKATEKISI

Choyamba, mwana wochedwa m'mawa wa Julayi mumfunse musanamlange. Kapena alibe juzi, kapena anagona ndi chofunda chimodzi ana atatu. Ngati n'kotheka phunziro loyamba lichitikire panja pothera dzuwa, kuseri kwa khoma lotchinga mwera.

Chachiwiri, ntchito ya madzulo ikhale yomtumiza mwana kumoto, si yomchotsako ayi. Mumuuze abwere ndi nthano imodzi, ndi zilape zitatu, ndi maina a zipangizo zonse za woumba mbiya, atazilemba m'kope monga anazimvera. Potero aphunzira kulemba, ndipo agogo aona kuti sukulu iwalemekeza.

Chachitatu, itanani mmisiri wa m'mudzi adzaonetse ntchito yake pa sukulu, mutayamba mwapempha kwa anyakwawa monga mwa mwambo. Ndipo asabwerere chimanjamanja. Mvula ikadzagwa bzalani nsungwi ndi khonje m'malire a sukulu, kuti ana a m'tsogolo asasowe chong'amba.

Chachinayi, akatekisi aike makalasi ao masana dzuwa litafunda, ndipo poyendera midzi ayang'ane okalamba okhala okha, ngati ali ndi nkhuni ndi chofunda, ndi ngati denga lao lapeza womwetera udzu.

Nyengoyi ndi yaifupi. Ogasiti akafika pakati, mphepo ya fumbi iyamba, tchire lipsa, ndipo anthu abwerera kumunda kukasosa ndi kukaunga mizere. Mnyamata amene sanagwire mpeni ndi nsungwi chisanu chino adikira chaka chathunthu. Ndipo m'midzi yambiri wodziwa kuluka lichero watsala mmodzi, ndiye wokalamba.